Mafuta Olemera a ku Alberta: Kuwatenthetsa, Kuwasakaniza, Kapena Kuwaphwanya?

Mafuta a mumchenga wa ku Athabasca, m'chigawo cha Alberta ku Canada, sayenda okha. Akadali pansi, kulimba kwake kumapitirira ma centipoise miliyoni imodzi (centipoise ndi muyezo wa kulimba kwa zinthu zamadzimadzi), ngati phula la pamsewu likazizira. Chikhalirecho mapaipi akuluakulu a kumeneko salandira mafuta olimba kupitirira 350 cSt (centistokes, muyezo winanso wa kulimbako), kapena olemera kuposa makilogalamu 940 pa kiyubiki mita. Anzanga amene mukuphunzira za mafuta, funso lagona pamenepa: tiwafewetse bwanji kuti afike kumene akupita?

Kutenthetsa chabe sindikhalitsapo. Njira ya SAGD imakumba zitsime ziwiri zopingasa, china pamwamba pa chinzake. Chapamwamba chimalowetsa nthunzi, mafuta n'kusungunuka n'kutsikira m'chapansi. Kutulutsa mafuta pansi imatha ndithu, koma akangozizira amabwerera mwakale.

Chimene makampani ambiri amachita ndi kusakaniza. Amathira mafuta opepuka a condensate, pafupifupi 30 peresenti, zosakanizazo n'kumazitcha dilbit. Ubwino wake ndi woti n'zosavuta ndipo sipafunika fakitale yodula. Koma tangoganizani: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malo m'paipi likunyamula chinthu chongothandiza ulendo. Condensate amapereweranso, mpaka pali paipi ya Southern Lights yochokera ku Illinois m'dziko la America kupita ku mzinda wa Edmonton ku Alberta imene ntchito yake ndi kubweretsa zosakanizirazi. Ndipo mafutawo sanasinthe kanthu, angobisala. Mu 2010 dilbit atatayikira mumtsinje wa Kalamazoo ku Michigan m'dziko la America, zopepukazo zinauluka, ndipo ena mwa mafuta otsalawo anamira pansi pa madzi. Ntchito yoyeretsa inatenga zaka.

Njira yachitatu, imene ine ndimaikonda, ndi kuphwanya mamolekyulu enieniwo ndi moto. Njirayi, yotchedwa visbreaking, imawotcha mafuta pakati pa 430 ndi 500°C kwa kanthawi kochepa, maunyolo ataliatali a kaboni n'kuduka. Apa mafuta amafewa mpaka kalekale. Vuto lake n'loti zidutswazo zimasiyidwa ndi mbali zanjala, zofuna chogwirana nacho. Zikasowa haidrojeni zimagwirana zokhazokha, ma asphaltene (mamolekyulu olemera kwambiri a m'mafutawo) n'kuundana, kenako makala akuda olimba otchedwa coke n'kukanirira mkati mwa machubu a ng'anjo. Ng'anjo imazimitsidwa kuti anthu akapale. N'chifukwa chake amisiri amaopa kukankha moto kwambiri, ndipo mafuta samafewa mokwanira.

Mankhwala osungunulira opereka haidrojeni amalowerera pamenepo. Wodziwika m'ma laboratale ndi tetralin: zidutswa zikangoduka, iye amazipatsa haidrojeni zisanagwirane, yekha n'kusanduka naphthalene. Coke amachepa, ndipo mukhoza kuwotcha mozamirapo. Kusiyana kwake ndi condensate n'kwakukulu, chifukwa tetralin amagwira ntchito m'fakitale momwemo, sayenda nawo ulendo wa m'paipi.

Si njira yaulere. Mankhwalawo ayenera kupatulidwa ndi kubwezeredwa haidrojeni, ndipo kuwotcha kumabala ma olefin, mamolekyulu osakhazikika operewera haidrojeni, amene eni mapaipi amawaikira malire okhwima. Kwa amene ali ndi zitsime zochepa ndipo condensate ali pafupi, kusakaniza kudakali kotchipa. Koma kumene paipi yadzaza ndipo condensate wakwera mtengo, ine ndingaike ndalama pa kuphwanya ndi mankhwala a haidrojeni, ngakhale kutangochepetsa condensate ndi theka.