Kasitolo ka mankhwala a ziweto pa Bvumbwe: sanandinamize za chimfine cha mbalame

Anzanga oweta ng'ombe za mkaka kuno ku Thyolo, pa Bvumbwe pali kasitolo ka mankhwala a ziweto komwe ndikufuna mudzikafikako. Malo ndi opanikiza, anthu atatu simungaime bwino, koma mayi amene amagulitsamo ntchito yawo amaidziwa.

Ine ndimagulako katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso uja. Amakhala m'firiji, magetsi akazima amamuika m'bokosi la ayisi, ndipo ukabwera wopanda chonyamulira amakukulungira kabotolo m'nsalu yonyowa. Nditafunsa ngati katemerayu amatetezanso ku chimfine cha mbalame, anati, "Ayi bambo, awa ndi matenda awiri osiyana." Wogulitsa wina akanangovomera kuti ndalama ilowe.

Kenako anandifunsa ngati nkhuku ndi abakha amamwera pamodzi ndi ng'ombe. M'makomo mwathu muno zimenezi n'zachizolowezi, khola la nkhuku limagundana ndi la ng'ombe, zitosi n'kumagwera m'nsenjere zomwe tadula. Apa m'pamene anafotokoza mofatsa, ngakhale kumbuyo kwanga kunali ena akudikira. Mu Marichi 2024 kachilombo ka chimfine cha mbalame kotchedwa H5N1, komwe tinkati n'ka mbalame zokha, kanapezeka m'ng'ombe za mkaka ku Texas, ku America. Kamakhazikika m'bere. Ng'ombe imasiya kudya, mkaka umachepa n'kukhala wachikasu, wokhuthala. Amphaka ambiri omwe anamwa mkaka wosawiritsa m'mafamu amenewo anafa, ndipo ena mwa okama anafiira maso. Ine zinandikhudza kwambiri, poti kwathu amakama ndi mwana wanga wamkazi, ndi manja, m'mawa uliwonse.

Malangizo awo ndi oti munthu angathe: mkaka wakumwa pakhomo uwire kaye, chomwera cha ng'ombe chikhale pachokha, nkhuku yodzifera isaponyedwe kwa agalu kapena nkhumba koma ikwiriridwe mozama, ndipo zikayamba kufa zambiri nthawi imodzi tiuze alangizi a ziweto msanga. Sanandikakamize kugula mankhwala aliwonse pa zimenezi.

Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti magolovesi, omwe iwo eni amati tizivala ponyamula nkhuku zakufa, sapezekamo kawirikawiri. Komanso amatsegula mochedwa. Ife timakhala tasiya kale mkaka kumalo osonkhanitsira dzuwa likungotuluka, ndiye ngati mukufuna katemera, pitani chakumasana.