Power bank ya 50000mAh ija, nyenyezi imodzi basi

Abale ndikuuzeni za power bank yomwe ndinagula pa shopu ina ku Limbe mwezi wathawu, dzina sinditchula eni ake akudzidziwa okha. Magetsi akumazimazima kwathu kuno ndiye ndimafuna kanthu koti foni isamandithere moto pakati pa geni.

Mnyamata wa pa kauntala amadziwa ntchito yake, ndisaname. Anatenga ya pa display nkulumikiza foni yanga, ya mnzake ndi ka sipika, zonse zitatu nkuyamba kutchaja nthawi imodzi ka sikirini ka power bank kakuonetsa 100%, iye uku akuti bwana iyi sabata yathunthu soketi muyiiwala. Ine ndalama pa tebulo. Ndili mu minibasi mpamene nzeru zinabwera kuti kodi kuyesa konse kuja sikunathe mphindi ziwiri zokha? Mphindi ziwiri ngakhale batire lakufa limanamizira moyo. Komanso anandipatsa ina ya m'bokosi, osati tinayesa ija.

Ndinaitchaja usiku onse. Foni yanga ndi ya 5000mAh (mAh ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), inadzadza kamodzi, kachiwiri inalekera panjira ka sikirini kuchoka pa 60 kufika pa 0 ngati bodza. Ndikudziwa kuti ngakhale orijino siipereka moto onse olembedwa pa bokosi, mabatire amkati ndi a 3.7V pomwe USB imatulutsa 5V ndiye wina umatayika posintha pamenepo, komabe 50000 yeniyeni imayenera kudzadza foni ngati yangayi maulendo 6 osavuta ndipo imalemera cha mu kilo. Yangayi kupepuka ngati sopo wa tabuleti, ndipo ndinainyamula ndekha mu shopu muja osakayika kanthu, ine ine.

Mlamu wanga pondiseka anati usadandaule anzako anapusitsidwa ndi thiraki yathunthu. Amanena za kampani ya Nikola ku America yomwe mu 2018 inatulutsa vidiyo ya thiraki yawo ikuthamanga pamsewu, chonsecho anachita kuikokera pamwamba pa chitunda nkuisiya izitsetsereka yokha. Aaa ndiye ife a ku Limbe tingalimbe?

Nditabwerera ku shopu kuja anailumikizanso power bank ija ku foni nkuti mwaona ikutchaja iyi bwana, vuto ndi chingwe chanu. Ndinati tiisiye pompa ola limodzi tione, anati pali makasitomala. Kubweza ndalama anakana.

Chomwe chikugwira bwino ndi ka tochi ka pambali, mwana akulembera homuweki.