Zachikuda, za Mikolongwe, zoyera kapena nkhanga: ndi ziti zimapirira kuchigwa kuno?

Chaka china mu Okutobala ndinataya nkhuku zoyera 23 tsiku limodzi, pakati pa 1 koloko ndi 4 koloko masana. Sanali matenda ayi. Zinali zitakwanitsa masabata asanu, zitanenepa bwino, ogula nditapangana nawo kale. Ndinazipeza zili lambalamba m'khola, kukamwa kuli yasa, mapiko atatambasuka. Pabwalo pomwepo nkhuku zachikuda za mayi anga zinali zitafukula timaenje pansi pa mtengo wa nimu, zikusamba fumbi, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inafa. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandifunsa kuti ayambe ndi nkhuku zanji, ndimayamba ndamufunsa kuti akufuna kuyamba mwezi uti, ndiponso kuti kwawo madzi a Shire kapena Mwanza akasefukira amafika pati.

Malangizo ambiri amene timamva pa wailesi amayenera anthu a ku Thyolo kapena ku Dedza, kumene vuto la anapiye ndi kuzizira. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje adani athu ndi atatu: dzuwa la Okutobala ndi Novembala limene limapitirira madigiri 40, chitopa (ena kuno amati chideru) chimene chimakonda kugwa nyengo yomweyo, ndi madzi osefukira a pakati pa Januwale ndi Malichi. Ndiye mtundu uliwonse ndiuyesa pa zitatu zimenezi.

Ndiyambe ndi zoyera, nkhuku zanyama zija, chifukwa ndi zimene zimakopa achinyamata ambiri. Kukopako n'komveka. Masabata asanu ndi limodzi okha nkhuku yafika pogulitsa, ndipo a chiwaya pa Dyeratu, pa Nchalo ndi pa Bangula amazifuna tsiku ndi tsiku. Koma kukula msanga komweko n'kumene kumazipha kuno. Nkhuku situluka thukuta. Ikamva kutentha imangopumira kukamwa wefuwefu, ndipo thupi likalemera kwambiri kupumako sikukwanira. Anapiye a sabata imodzi dzuwa lathu limawakomera, moti makala otenthetsera khola safunika ambiri. Ngozi imayamba sabata yachinayi, pamene mwathira kale ndalama zanu zonse m'mimba mwawo. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 isanagulitsidwe, kutanthauza kuti nkhuku 100 zimamaliza matumba 8 a makilogalamu 50. Chakudyacho pamodzi ndi anapiyewo zimachokera ku Blantyre, kutsika phiri la ku Thabwa, ndipo mtengo wa mayendedwe umakhala pamutu panu. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atadula msewu wa M1, amene anali ndi zoyera m'khola anasowa kogula chakudya, ndipo nkhuku zimenezi gaga yekha sizikula naye.

Sindikunena kuti zoyera zisawetedwe kuno. Ine ndimaziwetabe, koma kuyambira Epulo kufikira Julayi basi, mwera ukamaomba. Amene akufuna za Khirisimasi adziwe kuti anapiye ake adzalowa m'khola pakati pa Novembala, ndiye khola likhale lofolera udzu kapena mlaza, mbali zonse zili waya kuti mphepo izidutsa, nkhuku zochepa kuposa mmene angaikire munthu wa ku Limbe. Masana chakudya chizichotsedwa, chifukwa kugaya chakudya kumawonjezera kutentha m'thupi. Zizidya m'bandakucha ndi madzulo. Madzi azisungidwa mumtsuko pamthunzi, asamakhale m'chigubu cha pulasitiki padzuwa. Ndipo mulawe madzi a pa mjigo wanu. Mijigo yambiri kuchigwa kuno imatulutsa madzi a mchere, ndipo mchere ukachuluka nkhuku zimatsekula m'mimba, khola n'kumangokhala chinyontho.

Zamazira zachizungu sindichedwa nazo. Zimayamba kuikira zikakwana masabata 18 mpaka 20, ndiye miyezi yonseyo mumangodyetsa osaona kanthu, komanso simungazembe nazo Okutobala chifukwa zimakhala nanu kupitirira chaka. Kukatentha zimadya pang'ono, mazira amachepa, zigoba zimapyapyala n'kumasweka pa kabaza. Ngati mulibe khola labwino kwambiri ndi msika wokhazikika, zisiyeni kaye.

Za Mikolongwe ndiye zimandipatsa maganizo awiri. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp, zinachokera ku Australia, ndipo timazitcha za Mikolongwe chifukwa cha malo aboma oswetsera ziweto a ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Ndi nkhuku zokongola, zakuda bii, zazikulu thupi, ndipo zikamadya mokwanira thadzi limodzi limatha kuikira mazira oposa 200 pachaka. Yachikuda siyandikirako n'komwe: imaikira 10 mpaka 15, n'kufungatira, n'kuyenda ndi ana miyezi iwiri, ndiye pachaka imabwereza katatu kapena kanayi. Pa mazira palibe mpikisano.

Koma Mikolongwe ndi kumtunda, ndipo nkhuku zake zimaonetsa. Nthenga zake ndi zakuda ndi zothithikana, ndiye masana zimavutika kuposa zachikuda. Sizichenjera pamene kabawi wazungulira, ndipo zikangosiyidwa kuti zizidzitolera zokha popanda gaga, mapira kapena fumbi la matemba, mazira 200 aja simuwaona. Chachikulu china n'chakuti sizikonda kufungatira. Mnansi wanga anagulitsa mathadzi ake onse achikuda n'kugula misoti ya Mikolongwe yokhayokha. Mazira anadya ndithu, koma chaka chinatha opanda mwanapiye pakhomo, mpaka anabwera kudzabwereka thadzi kwa mayi. Njira imene ndaona ikuyenda ndi yogula tambala wa Mikolongwe, kuchotsa atambala achikuda, mathadzi achikuda n'kuwasiya. Ana ake amakula thupi ngati bambo wawo koma amapirira ngati mayi wawo. Pakatha chaka tambalayo musinthane ndi mnzanu wa mudzi wina kuti asakwere ana ake omwe. Masiku ano kwabweranso Kuroiler ndi Sasso, zimene zimakula msanga kuposa za Mikolongwe ndipo zimatha kuyenda pabwalo. Nazonso zimafuna chakudya chowonjezera ndipo kufungatira si khalidwe lake, choncho thadzi lachikuda lifunikabe.

Tsono zachikuda. Anthu amazipeputsa chifukwa zimachedwa: miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi tambala asanafike poti n'kugulitsa. Komatu miyezi yonseyo yadya chiyani cha m'thumba mwanu? Chiswe, ziwala, mkute wa nsima, mapira ndi mchewere wogwa popuntha, gaga pang'ono. Pa msika wa Ngabu kapena wa Nsanje yachikuda imagulidwa mokwera kuposa yoyera yolingana nayo thupi, ndipo mlendo wolemekezeka kapena apongozi akabwera palibe amene amawaphera yoyera. Imagulitsikanso tsiku limene mwafuna, mwana akadwala kapena sukulu ikamatsekulira, pamene zoyera zikakwana masabata ake muyenera kuzigulitsa basi, msika ukhale wabwino kapena woipa, chifukwa tsiku lililonse zikudya phindu lanu.

Pakati pa zachikuda zomwezo pali kusankha. Kameta, ija yopanda nthenga m'khosi, ambiri amainyoza kuti ndi yonyansa ndipo amathamangira kuipha. Ine ndimaisunga dala. Khosi lopanda nthengalo ndi thupi la nthenga zochepa zimaithandiza kutaya kutentha, ndipo mu Novembala pamene zinzake zasiya kuikira iyo imapitiriza. Kansilanga, ya nthenga zoimirira, nayonso dzuwa siliisautsa kwambiri, ngakhale mvula ikainyowetsa imazizidwa msanga.

Chofooka cha zachikuda n'chimodzi chachikulu, ndipo tonse tikuchidziwa. Chitopa chikalowa m'mudzi chimasesa khola lonse m'masiku ochepa: nkhuku kuodzera, mapiko kugwa ngati yavala jekete, chitosi chobiriwira, zina khosi kupindika. Mankhwala ochiza chitopa kulibe. Tsabola, nimu, khonje, makapisozi a anthu, zonsezi ndinaziyesa ndili mnyamata ndipo nkhuku zinafabe. Chimene chimagwira ntchito ndi katemera, ndipo wotiyenera ife ndi wa I-2, wodontheza dontho limodzi m'diso, amene amapangidwa ku Lilongwe konkuno ku Malawi. Ubwino wake ndi woti amapirirako kutentha kuposa LaSota wothira m'madzi akumwa, amene amafuna firiji mpaka tsiku lomugwiritsa ntchito. Kupirirako sikutanthauza kuti mumuike m'thumba la malaya n'kupalasa njinga kuchoka pa Ngabu masana. Akulungidwe m'kansalu konyowa, aikidwe m'kadengu, katemerayo aperekedwe m'mawa kusanatenthe. Miyezi inayi iliyonse, nkhuku zonse, ngakhale anapiye. Nkhuku yodwala kale katemera saichiritsa, ndipo anthu ambiri amene amati katemera anawaphera nkhuku anayitana alangizi matenda atalowa kale. Nkhanga zinapangana kusanapse: katemera wa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti ndi amene sayenera kuphonyedwa. Ndipo gwirizanani ndi anansi, chifukwa botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, komanso nkhuku zathu zimadyera dzala limodzi.

Nkhuku yogula pa msika, kapena imene mwapatsidwa kumaliro kapena kuukwati, ikhale payokha masabata awiri. Chitopa kawirikawiri chimabwera pa handulo ya njinga.

Nkhanga ndimazikonda, ndipo ndikuona kuti kuchigwa kuno sitinazipatse malo ake oyenera. Dzuwa siliziopsa, ndi mbalame za m'tchire lathu lomweli, mumaziona ku Lengwe zikuyenda m'magulu. Chitopa chimatha kuzigwira, ndiye muzizitemeranso, koma nthawi zambiri zimatsala pamene nkhuku zatha. Zimagona m'mitengo. Madzi a Januwale 2015 atabwera usiku, mlamu wanga wa kutsidya anataya nkhuku zonse zimene zinagona m'khitchini, koma nkhanga zake anazipeza mumtengo wa bwemba, zanjala koma zamoyo. Zikaona njoka, ng'azi kapena munthu wachilendo zimachita phokoso lodzutsa mudzi wonse. Nyama yake imagulidwa bwino, ndipo mazira ake, poti chigoba n'cholimba, amapirira ulendo ndipo amakhalitsa.

Mavuto ake nawonso ndi enieni. Zimaikira nyengo yamvula, ndipo zimakaikira kutchire, kumene agalu ndi ana amayamba kufika inu musanafike. Muyenera kuzilondola m'mawa kuti mudziwe chisa, ndipo potenga mazira musiyepo angapo kuti zisasamuke. Nkhanga si mayi wabwino: imayenda ndi ana m'mame mpaka onse atha. Ndiye mazira ake timaikira thadzi lachikuda. Apa pali chinthu chimene ambiri amalakwitsa. Dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21, la nkhanga pa masiku 26 mpaka 28. Mukawaika tsiku limodzi, thadzi limadzuka ndi anapiye ake n'kusiya a nkhanga atatsala sabata. Ikani a nkhanga okhaokha, kapena yambani ndi a nkhanga, a nkhuku muwonjezere pakatha sabata. Akaswa, avindikireni ndi dengu lalikulu pamodzi ndi thadzilo kwa masabata anayi kapena kuposa, muziwatulutsa mame atauma, muziwapatsa chiswe ndi mapira osinja. Konzekeraninso milandu, chifukwa nkhanga zimayenda patali ndipo dimba la mnansi sizilidziwa kuti ndi la mwini.

Abakha amayenera amene ali m'mbali mwa dambo, ku Elephant Marsh kapena ku Ndindi. Chitopa sichiwagwetsa kawirikawiri, amafungatira bwino masiku 35, ndipo madzi akasefukira amasambira. Koma walira mvula walira matope: amadetsa pakhomo ndi madzi akumwa a nkhuku, ndipo ogula ndi ochepa, chifukwa si onse amadya bakha. Awiri kapena atatu a ndiwo ndi okwanira.

Pa nkhani ya madzi osefukira, khola limaposa mtundu wa nkhuku. Khola la m'mwamba, la mitengo yolimba, lokwera kupitirira m'chiuno mwa munthu wamkulu, limapulumutsa nkhuku ku madzi wamba a chaka ndi chaka, limapitisa mphepo pansi usiku wotentha, ndipo chitosi chimagwera pansi n'kukhala manyowa a kudimba. Pa mizati thirani phulusa kapena oyilo wakutha kuti linthumbu lisakwere. Madzi ngati a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 palibe khola limene likanawaletsa, koma zachikuda khumi mumaziika m'dengu n'kukwera nazo kumtunda. Zoyera 100 za masabata anayi simungathawe nazo.

Pakhomo panga panopa pali mathadzi achikuda 12, anayi mwa iwo ndi akameta, tambala mmodzi wa Mikolongwe, ndi nkhanga 9. Mazira oswetsa ndimaika kwambiri kuyambira Epulo mpaka Julayi, chifukwa m'miyezi yotentha ambiri amasukusa, makamaka amene akhala kupitirira sabata asanafungatiridwe. Khola la zoyera ndimalitsuka kumapeto kwa Julayi n'kulitseka, ndipo mpaka mvula itatha ndimasungiramo mapira ndi chitowe.