Ndemanga: bedi, tebulo ndi shelufu zokhometsa kwa kalipentala ku Salima, patatha chaka

Katunduyu ndi uja amayamba naye munthu amene wangomaliza kumene ku koleji n'kupeza nyumba ya lendi ya chipinda ndi balaza: bedi ya dabulo, tebulo lolembera ndi mpando wake, shelufu ya mabuku, ndi mipando iwiri ya nsungwi. Zonse kupatula mipando ya nsungwiyo zinakhomedwa pa shedi ina ya akalipentala cha ku Kamuzu Road. Zadutsa m'kutentha kwa Okutobala ndi chinyezi cha dzinja, choncho tsopano pali chonena. Mwachidule: luso la manja lilipo ndithu, koma pa matabwa m'pofunika kuimapo nokha.

Bedi ndiyo yatuluka bwino. Ndi ya mbawa, ndipo mbali zake anamanga ndi mabauti a mamilimita 10, awiri pa ngodya iliyonse, osati misomali. Ichi n'chofunika kwa mphunzitsi kapena namwino amene angasamutsidwe tsiku lililonse: mumamasula ndi sipanala, bedi n'kukwera galimoto ili zidutswa. Ya misomali imagwedera mukangoisamutsa kamodzi. Mkati mwake anasiya masentimita 139 kwa 192, pomwe matiresi a dabulo amakhala 137 kwa 190, ndiye amalowa osapindika m'mphepete. Muyese matiresi anu ndi tepi musanapereke oda, chifukwa ena amaperewera pang'ono.

Cholakwika pa bediyi chinali matabwa opingasa. Anaika 9 okha, mipata yake yolowa chikhatho chonse n'kutsala malo. Siponji imalowa m'mipata yotere, ndipo pakatha miyezi ingapo matiresi amakhala ndi mizere ngati munda. Pa utali wa masentimita 190 pamafunika matabwa 14 a masentimita 7 m'lifupi, mpata usapitirire masentimita 7. Pafunikanso mtanda wapakati wokhala ndi mwendo wake. Anawonjezera titadandaula, koma analipiritsa padera. Nenanitu chiwerengerochi musanapereke dipoziti. Pansi pa bedi pakhale masentimita 30 kuti sutikesi ilowe ndiponso mphepo izidutsa, ndipo mupemphe timitengo tinayi ta neti tochotseka. Kuno kunyanja udzudzu sutha, ndipo eni nyumba ambiri safuna misomali pakhoma.

Tebulo ndilo lakhumudwitsa. Miyeso yake ili bwino: masentimita 75 kutalika, pamwamba 120 kwa 60, mpando 45, moti mutha kukhala pa laputopu maola atatu msana osawawa. Vuto ndi pamwamba pake. Analumikiza matabwa atatu a bulugamu amene anali asanaume. Pofika Novembala, mpata wolowa ndalama yachitsulo unatseguka pakati pa awiri, ndipo la kumapeto linapindika ngati bwato. Zifukwa zake ndi ziwiri. Thabwa laliwisi likamauma limachepa m'lifupi, ndipo bulugamu ndiye amang'ambika ndi kupotoka kuposa ena. Chachiwiri, vanishi anapaka pamwamba pokha, kunsi ayi. Mbali imodzi ikamapuma ina itatsekedwa, thabwa silingakhale lowongoka.

Mutha kuzindikira thabwa laliwisi muli pashedi pomwepo. Linyamuleni: limalemera kuposa msinkhu wake. Ligwireni ndi kuseri kwa dzanja: limazizira. Pemphani kuti apale pang'ono ndi puleni. Zopala za louma zimathetheka, za laliwisi zimafewa ndipo zimamata mukazifinya. Onaninso mmene asungira. Matabwa osanjikidwa pamthunzi, okhala ndi timitengo pakati kuti mphepo idutse, ndiwo abwino. Oimikidwa padzuwa amauma kunja kokha. Ngati mbawa yakukulirani mtengo, malaina ouma bwino ndi abwino pa tebulo kuposa bulugamu: ndi opepuka ndipo sapotoka kwambiri, ngakhale amadindika mukagwetsapo chinthu cholemera. Vanishi akhale wa makoti atatu, mbali zonse, akukwecha ndi sandipepa wosalala pakati pa makoti.

Shelufu ya paini ndi yapakatikati. Mashelufu ake ndi a masentimita 100 popanda chochirikiza, ndipo thabwa lake ndi la masentimita 2 okha, ndiye pamene pali mabuku akuluakulu a ku koleji pagwa mimba. Utali ukapitirira masentimita 80, pakati pafunika thabwa loimirira. Kumbuyo anakhoma bolodi yopyapyala imene inafufuma mu Febuluwale chifukwa inagunda khoma lonyowa. Isiyeni masentimita 5 kuchoka pakhoma, ndipo ikhale ndi miyendo. Paini chiswe chimamukonda. Ngati simenti ya pansi ili ndi ming'alu, muzisuntha shelufu mwezi ndi mwezi kuona ngati sichinamange njira.

Za mipando ya nsungwi tilibe dandaulo lalikulu, ndipo tikulangiza aliyense woyamba moyo kuno kuti ayambe ndi imeneyi m'malo mothamangira sofa. Sofa ya nsalu yokhuthala imatentha ngati uvuni mu Okutobala, yachikopa chabodza imasupuka, ndipo zonse ziwiri sizilowa pakhomo lopapatiza la nyumba zambiri za lendi. Ya nsungwi imapitisa mphepo, ndipo munthu mmodzi amainyamula. Pogula, igogodeni pansi kawiri katatu. Mukaona ufa ukugwa, nsungwiyo yafumbwa kale, isiyeni. Umodzi mwa iwiriyi unayamba kumasuka zoluka pa mkono patatha miyezi 8, ndipo guluu wa matabwa ndi kamsomali kamodzi zinathetsa vutolo. Kapilo ka chitenje kochotseka n'kokwanira.

Zokongoletsa zina sizilira ndalama zambiri. Makatani a chitenje amaoneka bwino nsalu ikaposa windo kamodzi ndi theka m'lifupi, koma telala aikemo nsalu yoyera kumbuyo, apo ayi dzuwa la kuno limasuwitsa mtundu msanga. Pansi, mkeka wa mlaza umaposa kapeti: mchenga umakutumuka mosavuta ndipo susunga fungo la chinyezi.

Pa nkhani ya nthawi, analonjeza masabata awiri koma zinatenga anayi, ndipo tebulo ndilo linapangidwa mothamanga kumapeto, mwina n'chifukwa chake anatola matabwa amene analipo. Perekani theka lokha poyamba, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga ukhale umboni, ndipo mulembe papepala mtundu wa thabwa, miyeso ndi tsiku. Mukaone katundu asanapake vanishi, chifukwa vanishi wa mtundu amabisa mfundo, ming'alu yomatidwa ndi utuchi, ngakhalenso bulugamu wogulitsidwa ngati mbawa.

Bedi tikuipatsa 4 mwa 5, mipando ya nsungwi 4, shelufu 3, tebulo 2. Tingakhometsenso bedi pa shediyi mosakayika. Tebulo, pokhapokha titasankha tokha matabwa ake.