King Alfred's Way, Rebellion Way kapena Cantii Way: tchuthi chanu mukachithere pa iti?

Njira zitatuzi ndi za maulendo ataliatali a panjinga, ndipo anazikonza ndi a bungwe la Cycling UK ku England. Zonse ndi zozungulira, pamene mwayambira m'pamene mumathera, ndipo mapu ake a GPX, oika pa foni kapena pa kachipangizo ka GPS, amapezeka mwaulere pa intaneti. Kufanana kwake n'komweko basi. Ngati mwagula njinga ya gravel, yoyendera patala ndi pafumbi pomwe, n'cholinga choti muzikapalasa m'tinjira takumidzi totchingidwa ndi mipanda ya zitsamba uku ndi uku, mukukwera timapiri n'kutsetsereka, dziwani kuti njira yotchuka koposa pa zitatuzi si imene ingakupatseni zimenezo mochuluka.

Yotchukayo ndi King Alfred's Way. Anaitsegulira mu 2020, ndi yotalika makilomita pafupifupi 350, ndipo imayambira mumzinda wa Winchester, ulendo wa ola limodzi pa sitima kuchokera ku London Waterloo. Imadutsa ku Salisbury, pafupi ndi miyala yakale ya Stonehenge ndi Avebury, kenako imakwera pa Ridgeway, njira yakale yodutsa pamwamba pa zitunda, imatsikira kumtsinje wa Thames mpaka ku Reading, n'kudzera ku Farnham ndi ku Devil's Punch Bowl isanabwerere ku Winchester kudzera pa South Downs Way, njira inanso ya pamwamba pa zitunda. Wofuna fumbi lenileni ndi kuyenda maola osakumana ndi galimoto, kwawo n'kuno. Koma mbali yaikulu ya ulendowu mumakhala pamwamba pa zitunda za choko, poyera, popanda mthunzi, mphepo ikukuombani pankhope. Mipanda ya zitsamba mumaionera patali kumunsi, m'zigwa momwe muli midzi. Madzi ndi chakudya nazonso zili kumunsi komweko. Pa Ridgeway botolo likakutherani, mutsika chitunda kukasaka sitolo, kenako mukwerenso chitunda chomwecho.

Vuto lalikulu la njirayi ndi dothi lake. Choko chikauma chimathamangitsa njinga bwino zedi, koma kukangogwa kamvula chimaterera ngati msewu wa katondo mu Januwale, ndipo matope ake oyera amamatirira pamatayala mpaka gudumu kukana kuzungulira. M'chokomo mulinso miyala yakuthwa ya flint imene imang'amba tayala m'mbali. Cha ku Salisbury Plain mumadutsa m'mphepete mwa malo ophunzitsira asilikali, komwe tinjira tina tinakumbika ndi magalimoto ankhondo, ndipo mbendera zofiira zikakhala m'mwamba simuyenera kupatuka panjira yololedwa. Mukafika ku Surrey mumakumana ndi mchenga wozama woti ambiri amatsika n'kumakankha. Kumapeto, miyendo italema kale, kukukudikirani Butser Hill, phiri la mamita pafupifupi 270. Kukwera konse mukakuphatikiza kumapitirira mamita 3,000. Ine ndimaikonda, koma sindingamutumize kumeneko munthu amene sanayendepo ulendo wogonera ndi njinga yosenza katundu, ndipo sindingapite m'miyezi yozizira ngakhale atandilipira.

Rebellion Way ili ku Norfolk, inatsegulidwa mu 2022, ndipo ndi yotalikirapo: makilomita 373, kuyambira ndi kuthera ku Norwich. Musaope nambalayo. Norfolk ndi dera lathyathyathya moti malo okwera kuposa onse, Beacon Hill kufupi ndi Sheringham, angopitirira pang'ono mamita 100. Zitunda zilipo, makamaka kumpoto chakunyanja, koma ndi zoti mumakwera mukucheza. Apa ndiye pali zimene ambiri amaziganizira akamanena za kumidzi kwa ku England: timisewu ting'onoting'ono ta tala topanda magalimoto, udzu utamera pakati, mipanda ya zitsamba yotalika kuposa munthu, nsanja ya tchalitchi chakale ikutulukira pa mudzi uliwonse. Imadutsa m'nkhalango ya Thetford, komwe kuli mchenga pang'ono, ku Castle Acre, ku King's Lynn, pafupi ndi nyumba yachifumu ya Sandringham ndi ku Holkham.

Mipanda imene mukuisirirayo ili ndi mbiri yowawa m'dera lino, ndipo dzina la njirayi, Rebellion, kutanthauza kuukira, limakumbutsa zimenezo. Mu 1549 anthu wamba a ku Wymondham anayamba kuzula mipanda imene eni chuma anatchinga nayo malo odyetsera ziweto a mudzi wonse. Robert Kett, yemwe naye anali atatchinga malo, m'malo molimbana nawo anawatsogolera mpaka ku Norwich, komwe anamanga msasa pa Mousehold Heath. Asilikali a boma anawagonjetsa, ndipo Kett anapachikidwa pa Norwich Castle mu Disembala chaka chomwecho. Woukira winanso amene njirayi imamukumbukira ndi Boudica, mfumukazi ya mtundu wa Iceni imene inamenyana ndi Aroma cha m'ma 60 AD. Aliyense wodziwa milandu ya malo sangadutse kumeneko osamva kanthu mumtima.

Choipa chake n'chakuti okonda fumbi adzadandaula. Tala ndi wambiri, ndipo pali masiku oti njinga ya gravel imaoneka ngati mwaivutitsa chabe. Mphepo yochokera kunyanja ya North Sea nayo imalowa m'malo mwa zitunda, makamaka pamene mipanda yathera. Komabe pa funso la mipanda ndi timapiri tofatsa, ine voti yanga ndaponya kuno. Ubwino wina ndi woti ku Thetford, ku King's Lynn ndi ku Sheringham kuli masiteshoni a sitima, choncho amene mumagwira ntchito ya mashifiti mukhoza kuidula m'zigawo, n'kumaimaliza pang'onopang'ono.

Cantii Way ya ku Kent, ya mu 2022 yomwenso, ndi yaifupi pa zonse, makilomita 234, ndipo imayambira pa mudzi wa Wye pafupi ndi Ashford. Tsiku loyamba ndi lokoma kwambiri: nkhalango, minda ya zipatso, Canterbury, kenako Crab and Winkle Way imene imatsata njanji ya mu 1830 mpaka kunyanja ku Whitstable. Kuchokera apo ulendo umasanduka wa m'mphepete mwa nyanja. Mumapalasa pa makoma a simenti otchinga mafunde, mukupatsana njira ndi anthu oyenda ndi agalu, mumakwera zitunda zowawa cha ku Dover, kenako mumalowa m'dambo la Romney Marsh ndi chipululu cha timiyala cha Dungeness. Ndi yabwino kwa woyamba kumene, chifukwa sitolo, malo ogona ndi sitima sizikhala patali. Koma ngati mipanda ya zitsamba ndiyo mwaitsata, pano mungoilawa.

Pa zonse zitatu muyenera kudziwa mitundu ya mivi yapazikwangwani. Muvi wachikasu ndi njira ya oyenda pansi okha. Wabuluu ndi bridleway, komwe lamulo la mu 1968 limalola njinga bola muzipatsa mpata oyenda pansi ndi okwera mahatchi. Wofiira ndi byway, komwe magalimoto ndi njinga zamoto zimaloledwanso, n'chifukwa chake nthawi zambiri njira zoterozo zimakhala zokumbikakumbika. Hatchi mukaipeza kutsogolo, lankhulani muli patali, musaidzidzimutse ndi belu. Chipata chimene mwachipeza chotseka mutsekenso, kuli nkhosa. Ndipo kumanga tenti m'munda wa munthu osapempha sikololedwa, choncho malo ogona akonzeretu.

Matayala amasiyana malinga ndi njira. Pa King Alfred's Way musapite ndi ochepera mamilimita 40, ndipo pakhale giya yopepuka yokwerera zitunda muli ndi katundu. Pa zina ziwirizi a mamilimita 35 akukwanirani. Koma kulikonse kumene kuli mipanda, mdani wamkulu ndi minga. Mipanda yambiri ndi ya hawthorn ndi blackthorn, zitsamba zaminga zolimba, ndipo lamulo limaletsa alimi kuidula kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Ogasiti pofuna kuteteza zisa za mbalame. Sepitembala akangolowa, mathirakitala amatuluka ndi makina ometa, n'kumwaza minga msewu wonse. Wa machubu akhoza kutha tsiku akumata. Matayala a tubeless, okhala ndi madzi omata mkati, amatseka okha tibowo totere, ndipo pa Rebellion Way m'nyengo imeneyi ndalama yake siipita pachabe.

Ndiye ngati tchuthi chanu mungathe kusankha nokha, pemphani cha kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni. Choko chimakhala chitauma, hawthorn wachita maluwa oyera, ometa mipanda sanayambe, ndipo kunja kumada cha m'ma 9 koloko usiku. Valani masokosi aatali chifukwa m'tinjira topapatiza mumakhala zomera zoyabwa za nettle, ndipo madzulo muzidzifufuza nkhupakupa m'miyendo, makamaka mukadutsa m'nkhalango ya Thetford komwe kuli agwape ambiri.