Ufa wa kelp ndaugwiritsa ntchito miyezi itatu kuno ku Ngabu

Mwana wanga wachiwiri atakwanitsa miyezi inayi, tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso. M'mphepete mwa chipumi munayera moti duku sinkalivula ngakhale pakhomo. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Cape Town atamva, ananditumizira zinthu ziwiri: paketi ya ufa wa kelp ndi kabotolo ka mapiritsi ake.

Kelp ndi ndere zikuluzikulu zofiirira zomera m'nyanja yamchere yozizira. Kugombe la kumadzulo kwa South Africa kumamera mtundu wotchedwa Ecklonia maxima, wotalika mamita angapo. Si namasupuni wathu wa mu Shire ayi, ndiye pasapezeke wina wokatola zomera kudambo n'kumati ndi zomwezo.

Ndiyambe ndi ufawo, chifukwa ndi umene ndaukonda. Ndimatapa masipuni awiri, kuthira madzi ofunda pang'ono ndi mafuta a nsatsi, n'kudikira. Umasanduka phala loterera ngati thelele. Kutererako kumachokera ku alginate, chinthu cha m'ndere zimenezi chimene chimagwira madzi. Ndimapaka Loweruka lililonse, kuvala jumbo kumutu mphindi makumi awiri, kenako kutsuka. Amene amatunga pamijigo ya kuno akudziwa mmene madzi ake amchere amaumitsira tsitsi, n'kuphatikiza dzuwa la mu Okutobala lija lofika madigiri 40. Langa linkachita kuthetheka ngati udzu wouma. Kuyambira sabata yachitatu chipeso chinayamba kudutsa osakoka, ndipo tizidutswa tothyoka tinachepa pamapewa. Apa sindikuwonjezera, ngakhale mayi amene amandiluka anafunsa chomwe ndasintha.

Koma fungo, abale. Limanunkha ngati pamene ayanika nsomba ku Bangula, ndipo kukatentha limakula. Mukapanda kutsuka kawiri ndi sopo mudzalimva pa pilo usiku. Timisere take timakakamiranso m'tsitsi, choncho muziyamba mwausefa ndi kansalu. Mukhale ndi ndowa ziwiri za madzi, imodzi sikwana.

Nanga lija la m'mphepete linamera? Layamba kumera, koma sindingaupatse ulemu ufawu. Anamwino a kusikelo anandifotokozera kuti amayi ambiri amathothoka tsitsi miyezi ingapo akabereka, ndipo limabwerera lokha. Anandiyezanso magazi n'kupeza kuti ndi ochepa, anandipatsa mankhwala a ayironi. Nthawi yomweyo ndinasiya kulukitsa meshi yothina imene inkandikoka mpaka kutuluka tiziphuphu. Zinthu zitatu zinasintha pamodzi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo langa silinapose pamenepo ngakhale paketi inalemba zoti limakula msanga.

Mapiritsi aja sindinamwe ngakhale limodzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna amayi anzanga amvetsetse. Kelp ali ndi ayodini wambiri zedi. Munthu wamkulu amafunika mamayikulogalamu 150 patsiku, woyembekezera kapena woyamwitsa 250, ndipo mchere wa m'mapaketi umene timagula m'magolosale unathiridwa kale ayodini. Ayodini akachepa m'thupi chithokomiro chimatupa, izi tinaphunzira kusukulu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti akachulukanso amasokoneza chithokomiro chomwecho, ndipo chikasokonekera chimodzi mwa zizindikiro zake ndi kuthothoka kwa tsitsi. Kwa ine woyamwitsa, ayodiniyo amadutsanso mumkaka kupita kwa mwana. Ndinawerenga kabotolo kaja mbali zonse, sipanalembedwe kuchuluka kwa ayodini m'piritsi limodzi. Zimenezi zinandikwiyitsa, chifukwa alamu anga anagula ndi mtima wabwino ndi ndalama yovutikira.

Wina wa tsitsi louma ndi lothyoka chifukwa cha madzi ndi dzuwa, ufawu umuthandiza, bola ayambe wapaka pang'ono kuseri kwa khutu kuti aone ngati khungu siliyabwa. Wina amene tsitsi likuzuka ndi mizu yomwe, apite kaye kuchipatala akamuyeze magazi. Ufa wanditsalira wa masabata awiri, ndipo ndawauza alamu kuti akamabwera pa Khirisimasi anditengere mapaketi awiri. Kabotolo kaja ndidzawabwezera kosatsegula.