Proparacaine ndi Tono-Pen patatha miyezi 9

Ndakhala ndikuyeza puresha ya m'maso mwa agalu ndi Tono-Pen kwa miyezi 9 tsopano. Kachipangizoka kamakhudza cornea, kachikopa koonekera mkati ka kutsogolo kwa diso, ndiye palibe galu angalole usanamudonthezere mankhwala ochititsa dzanzi. Ine ndimadontheza proparacaine wa 0.5%. Dontho limodzi basi, mphindi isanathe diso lachita dzanzi, ndipo limakhala choncho kwa mphindi pafupifupi 45.

Poyamba mankhwalawa ndinkawanamizira. Galu wabwinobwino puresha yake imakhala pakati pa 10 ndi 25 mmHg (muyezo wa puresha), koma ine ndinkapeza 28, mwina 30, pa agalu amene maso awo anali bwinobwino, opanda chizindikiro chilichonse cha glaucoma, matenda okwera puresha ya m'diso. Mumtima ndinkati ndi madonthowa. Tsiku lina mnzanga anabwera ndi TonoVet, mashini ina ya ku Finland yoyezera puresha, imene kamutu kake kamangogunda diso pang'ono n'kubwerera, yosafuna dzanzi. Tinayeza agalu angapo tisanadontheze, n'kuwayezanso titadontheza. Manambala sanasiyane kwenikweni, moti palibe galu amene ndikanamusinthira chithandizo.

Vuto linali m'manja mwathu. Wondithandiza ankakumbatira galu pakhosi mwamphamvu, kuopa kulumidwa, ndipo mitsempha ya pakhosi ikapanikizika puresha ya m'diso imakwera nthawi yomweyo. Inenso potsegula zikope chala changa chinkatsamira pa diso lenilenilo. Panopa timayamba tavula lamba wa m'khosi, timagwira pansi pa chibwano, chala chimakhala pa fupa. Ma 30 aja anasowa.

Pamene madonthowa amapusitsadi ndi poyeza misozi. Tsiku lina ndili pa changu ndinadontheza kaye, kenako n'kuika m'diso kapepala koyezera misozi ka Schirmer. Kananyowa mamilimita 8 okha, pomwe timayembekezera 15 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Ndinatsala pang'ono kuuza mwini galu kuti diso lauma. Mawa lake, popanda madontho, kanafika 19. Misozi iyambe, puresha pambuyo.

Botolo limafuna firiji, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kuno, limodzi ndinalipeza litasanduka lachikasu, ndinataya. Eni agalu ena akaona galu wasiya kutsinzina amapempha kuti, "Adokotala, tipatseniko tizikamudontheza kunyumba." Ndimakana. Ukamadontheza pafupipafupi, chilonda cha pa cornea chimachedwa kupola, ndipo galu amatha kudzikanda diso osamva kanthu.